Mendulo ziwiri m'kachitini: masiku asanu kumunsi kwa Shire

Lachitatu, 5 Novembala, ku Chikwawa

Ndanyamuka ku Blantyre m'mawa uno nditatenga kachikwama ka zovala, ndalama zokwanira matumba atatu a simenti, ndi kachitini kadzimbiri kamene tinakapeza pansi pa sutikesi ya malemu mayi anga maliro atatha. M'kachitinimo muli mendulo ziwiri zimene timaliboni take tinasuluka kalekale. Ina ndi yozungulira, ndipo ili ndi mutu wa George VI, mfumu ya ku Britain. Inayo ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, imene ankapatsa asilikali amene anakamenya nkhondo ku Burma. Mwini wake anali agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, amene anali msilikali wa Keyala, monga anthu ankatchulira gulu la King's African Rifles. Anatisiya ine ndili mu sitandade 3, ndipo anaikidwa kutsidya kwa Shire, kufupi ndi Makhanga, kumene sindinapondeko kwa zaka zoposa 20. Ndikupita kukamanga chiliza pamanda awo, ndipo sabata ino ndaisankha dala, popeza Lamulungu likudzali ndi tsiku limene dziko limakumbukira asilikali amene anafera kunkhondo.

Ndisanakwere minibasi ndinagula kaduwa kofiira ka popi kwa anyamata awiri ovala yunifolomu amene anaima pakhomo pa sitolo ina, ndipo ndinakabaya pathumba la malaya. Ndalama za timaluwa timeneti zimakathandiza asilikali akale, kuphatikizapo okalamba amene amasungidwa ku Zomba. M'tauni kaduwako sikanadabwitse aliyense, chifukwa mwezi uno nduna, aphungu ndi owerenga nkhani pa kanema onse amakavala. Koma titayamba kutsetsereka m'mapiri, makutu atatseka, mphepo yolowera pawindo itasanduka ngati mpweya wa mu uvuni, mayi wina amene anakhala pambali panga ndi dengu la tomato pamiyendo anandiyang'ana kawiri, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi kuli ukwati kumene mukupitako?" Nditawafotokozera tanthauzo la duwalo, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Oo, asilikali. Amenewo ife timawadziwira pa madzi." Sanawonjezerepo kanthu, ndipo anatsikira pa Thabwa.

Madzulo ano ndinakaima pa mlatho wa Kamuzu kuyang'ana Shire, amene mwezi uno akuyenda mofatsa ngati sanalakwirepo munthu. M'chigwa muno nkhani ya munthu kufera mbendera ya eni ake inayamba kale kwambiri. Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anakhazikika konkuno n'kukhala mafumu, ndipo mayina onga Kasisi, Mlauli, Maseya ndi Katunga akumvekabe mpaka lero. Mu Novembala 1889 ankhondo a Mlauli analimbana ndi gulu la Mpwitikizi Serpa Pinto kumunsi kwa mtsinjewu atanyamula mbendera za Britain zimene anapatsidwa, ndipo ambiri anagwa ndi mfuti ya chiwaya. Nkhondo imeneyo inali chimodzi mwa zifukwa zimene Britain anaopsezera Portugal mu Januwale 1890, ndipo pomaliza pake mtsinje wa Ruo unakhala malire. Mayina a anthu amene anagwa tsiku limenelo sindinawaonepo pa chipilala chilichonse.

Lachinayi, 6 Novembala, ku Ngabu

Za minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi unyinji wa njinga za kabaza sindilembapo zambiri, chifukwa aliyense wodutsa msewu uno anazilemba kale. Nkhani ya lero ndi ya mlonda wa panyumba yogona alendo imene ndafikira. M'zipinda simukugoneka chifukwa cha kutentha, choncho ndinatulutsa mpando pakhonde, ndipo mkulu wina waimvi, woyenda mowongoka ngati anameza ndodo, anabwera kudzandipatsa moni. Ataona duwa lija, limene tsopano lakwinyika ndi thukuta, anandifunsa ngati ndinagwirapo usilikali. Ndinayankha kuti ayi, kenako ndinatsegula kachitini. Sanazigwire mendulozo nthawi yomweyo. Anayamba wapukuta manja pathalauza, n'kuzilandira ndi manja awiri, ndipo nyenyezi ija anaizindikira ndisanatchule n'komwe dzina la Burma.

Anapuma ntchito ali sajeni, ndipo anzake onse apa amawaitana choncho, kotero inenso ndinawaitana kuti a Sajeni. Analowa usilikali ali mnyamata, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili mkati ku Mozambique, ndipo anali m'gulu la asilikali a Malawi amene kuyambira mu 1987 ankalondera njanji ya ku Nacala kuti katundu wa dziko lino azidutsa. Anandifotokozera mmene ankayendera patsogolo pa sitima, maso ali pansi kufufuza mabomba okwirira, ndi mmene ankanyamulira anzawo ovulala m'mabogi amene anabweretsa feteleza. "Achimwene," anatero, "anthu amati Malawi sanaonepo nkhondo. N'zoona, dziko silinaione. Koma alipo ena a ife amene tinakaionera ena onse." Analiponso mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida apayoniya, gulu la achinyamata la boma la Kamuzu Banda, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, anzawo ataphedwa ku Mzuzu. Pa nkhani imeneyi anayankhula mosamala, ndipo anangoti apayoniya ambiri amene ankawathamangitsa anali ana a anthu osauka ngati iwo omwe.

Ndinawafunsa ngati amaona kuti dziko limawalemekeza. Anaseka, n'kuloza tochi ndi chibonga zimene zinali pambali pa mpando wawo. Penshoni amalandira, koma siifika pakati pa mwezi, ndipo atangopuma anayenda maulendo angapo ku likulu kutsatira ndalama zawo, akumagona pa depoti, mpaka anagulitsa ng'ombe kuti apeze yoyendera. Komabe sanadandaule kwa nthawi yaitali. Chimene anachinena ndi mtima wonse chinali cha akazi amasiye, ndipo anatchula Chancy Chitete, msilikali wathu amene anaphedwa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni ku Congo akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Pa nkhondo imeneyo tinataya asilikali asanu ndi mmodzi, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu kum'mawa kwa Congo komweko. "Mendulo ndi yabwino," anatero a Sajeni akundibwezera kachitini, "koma muzifunsanso amene akulipirira ana aja fizi."

Ine monga mphunzitsi wopuma ndiyenera kuvomera kuti kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa ana kukonda dziko ngati nkhani ya mbendera, nyimbo ya fuko ndi masiku a tchuthi, ndipo funso la a Sajenili sindinalilembepo pa bolodi ngakhale kamodzi.

Lachisanu, 7 Novembala, ku Nsanje

Ndinadutsa Bangula osatsika kuti ndiyambe ndaona Nsanje, chifukwa nkhani ya usilikali m'banja mwathu inayambira kuno. Tauni ino inkatchedwa Port Herald, ndipo dzinalo linachokera ku sitima yankhondo ya pamadzi yotchedwa Herald imene inkayenda mu Shire m'masiku oyamba a utsamunda. Njanji yochokera kuno inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo itabuka nkhondo ya 1914, imene makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, zipolopolo, mpunga, mankhwala ndi asilikali ochokera kunja zinkalowera njira yomweyi. Koma njanjiyo inkathera ku Blantyre, pamene nkhondo inali kumpoto, ku Karonga ndi kupitirira, m'dziko limene linali m'manja mwa Germany. Kumene kunalibe njanji kapena sitima ya panyanja, katundu yense ankayenda pamitu ya anthu.

Anthu amenewo ndiwo amtengatenga. M'dziko limene panthawiyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, amuna pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondo, pamene ogwira mfuti anali pafupifupi 19,000. Aliyense ankasenza mtolo wa makilogalamu oposa 20, wapansi, wopanda nsapato, pa chakudya chochepa, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala osaona n'komwe mdani. Mayi anga ankanena kuti bambo awo a agogo anatengedwa usiku ndi amesenjala a boma, chingwe chili m'chiuno, ndipo sanabwerere. Palibe mendulo imene inabwera kumudzi, ngakhale uthenga wonena kumene anagwera.

Nditakhala pamthunzi pafupi ndi njanji yakale, ndinakumbukira John Chilembwe, amene mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya amasiye ndi ana osowa owasamala. Pa 23 Januwale 1915 anaukira boma, ndipo ena mwa amene anatumidwa kukathetsa kuukirako anali asilikali a Keyala, Amalawi anzake. Lero Chilembwe ali pa ndalama zathu ndipo ali ndi tsiku lake pa 15 Januwale. A Keyala ali ndi chipilala chawo ku Zomba ndi tsiku lawo mu Novembala. Onsewo timawaikira nkhata za maluwa, ndipo nthawi zambiri oika nkhatazo amakhala anthu omwewo. Funso landivutitsa masana onse: agogo anga anamenyera mfumu ya ku Britain, dziko lotchedwa Malawi kulibe, ndiye kodi chiliza chimene ndikukamangachi ndidzalembapo kuti anafera chiyani, kapena anavutikira yani?

Mkulu wina wogulitsa makakana owamba pamsika, nditamuuza za ulendo wanga, anandikumbutsa kuti kuno nkhondo anaimva ndi makutu awo. M'zaka za m'ma 1980 mfuti zinkamveka kuchokera ku Marka ndi kutsidya kwa mtsinje, ndipo othawa nkhondo amene anadzaza misasa yonga Mankhokwe anachuluka kuposa eni boma la Nsanje. M'dziko lonse anapitirira miliyoni imodzi, ndipo anayamba kubwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la mu Okutobala 1992. "Tinawagawira minda ndi nkhuni mpaka mapiri anayera," anatero. Sanagwirepo mfuti, koma ndinaona kuti nayenso anasenza mtolo wake.

Loweruka, 8 Novembala, ku Makhanga

Ndabwerera ku Bangula m'bandakucha, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera kabaza mpaka pa Mtayamoyo, pamene madzi anadula njanji ndi msewu wa ku Chiromo mu 1997. Kuyambira nthawi imeneyo wofuna kupita kutsidya amawoloka pa boti. Tinalowamo anthu oposa khumi, njinga zamoto ziwiri, matumba a chimanga ndi mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo woyendetsa anatichenjeza kuti tisaviike manja m'madzi chifukwa cha ng'ona.

Mayi anga aang'ono, amene ndi mwana womaliza wa agogo ndipo ndi okhawo atsala, anandilandira ndi kulira, monga amalandirira munthu wobwera koyamba pambuyo pa maliro. Titakhala pamphasa, madzi akumwa atabwera, ndinawauza za simenti ndi chiliza. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana pansi, kenako anati, "Mwananga, kodi mayi anu sanakuuzeni? Manda aja kulibe."

Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi ndi m'minda, ndipo manda a kwathu anakwiririka ndi mchenga pamodzi ndi mudzi wakale. Madzulo ano a nyakwawa anandiperekeza kukaona malowo. Ndi bwalo lalikulu la mchenga woyera ndi bango, ndipo ngakhale mtengo wa mtondo umene unali chizindikiro cha manda unapita. A nyakwawa analoza ndi ndodo yawo cha apo, kenako analozanso cha uko, ndipo ndinaona kuti akungondichitira chifundo.

Usiku uno ndi pamene ndamva tanthauzo la mawu a mayi wa tomato uja. Mayi aang'ono anandifotokozera kuti madzi anafika usiku, ndipo iwo ndi adzukulu awiri anakwera pachulu pamene panali kale anthu ena ambiri, nkhuku, ndi njoka zimene nazonso zinathawira pomwepo. Anakhalapo masiku atatu opanda moto. Tsiku lachitatu kunamveka injini, ndipo linatulukira boti la asilikali. Miyendo yawo inali itauma moti sakanatha kuima, choncho msilikali wina wamng'ono, woyankhula Chichewa chomveka Chitumbuka, analumphira m'madzi ofika m'chifuwa n'kuwabereka kumsana ngati khanda. "Ankangoti, 'Agogo, gwirani khosi langa, musaope.' Ndinamva kuti iyenso akunjenjemera." Atawasiya kumtunda, botilo linabwerera kukatenga ena, ndipo sanamuonenso. Dzina lake sanalifunse, ndipo zimenezi zimawapweteka mpaka lero. Asilikali anabweranso pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, pamene dera lino linkafikika pa boti ndi pa helikopita basi, ndipo nthawi iliyonse mayi aang'ono ankayang'ana nkhope za anyamatawo mmodzimmodzi. Kuyambira 2015 amasunga tambala mmodzi amene amati ndi wa mwana wa eni ake uja. Tambalayo akakalamba kapena akafa ndi chitopa, amasankha wina. Nkhuku imene andiphera lero anenetsa kuti si imeneyo.

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti kuno asilikali amangotamandidwa. Mdzukulu wina wamkulu anadandaula kuti pa nthawi yogawa chakudya kumsasa ena mwa iwo anali aukali mopitirira, ndipo ndodo inkayankhula msanga kuposa pakamwa. Mayi aang'ono sanamutsutse. Anangoti munthu amene wakubereka kumsana ndi amene wakukalipira pamzere akhoza kuvala malaya ofanana, ndipo aliyense ayenera kukumbukiridwa ndi zimene anachita.

Kenako ndinatulutsa kachitini, ndipo nditangotsegula anaseka mpaka misozi, chifukwa ali ana ankaseweretsa mendulozi ngati ndalama za masanje. Ndinawafunsa funso limene landivutitsa dzulo lija, loti agogo anapitiranji kunkhondo. Yankho lawo linalibe mbendera. A nyakwawa a nthawi imeneyo anauzidwa kuti apereke anyamata, msonkho unali pakhosi, ndipo agogo ankafuna njinga. Anaphunzira usilikali ku Zomba, anawoloka nyanja yamchere kudzera ku Mombasa ndi ku Ceylon (Sri Lanka wa lero), ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za ku Burma m'nyengo ya mvula yosakata, kumene malungo ndi misundu zinkazunza anthu kuposa zipolopolo za Japan. Anabwera ndi njinga ija, chijasi chankhondo chimene ankachivala ngakhale mu Okutobala wa kuno, ndi vuto limodzi limene palibe ankalitchula: mvula yamphamvu ikayamba usiku, ankadzuka n'kukakhala pakona ya nyumba atagwira mpini wa khasu mpaka kucha, akuitana mayina a anthu amene m'mudzi munalibe wowadziwa. Agogo aakazi ankangowafunditsa bulangete n'kukhala nawo pomwepo.

Lamulungu, 9 Novembala, ku Makhanga

Tinapita ku tchalitchi cha m'mawa kuti 11 koloko itipeze kunyumba. Ndinatsegula wailesi ya pa foni n'kuiika pamtondo wofulatira, ndipo tinamvera mwambo wa kuchipilala cha asilikali: magulu akuguba, atsogoleri a mipingo akupemphera, akuluakulu akuitanidwa mmodzimmodzi kukaika nkhata. Ndinafotokozera adzukulu kuti ola limeneli likukumbutsa nthawi imene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, ndi kuti lipenga likalira tiyenera kukhala chete kwa mphindi ziwiri. Anawo anayesetsa, ngakhale kuti wamng'ono anayamba kuseka mbuzi italira. Mayi aang'ono sanakhale chete ayi. Anagwada pamphasa n'kuyamba kutchula anthu motsitsa mawu, monga amachitira pothira nsembe: bambo awo, agogo awo amene anapita ndi chingwe m'chiuno, amayi awo amene ankafunditsa bulangete, anthu anayi a m'mudzi muno amene anapita ndi madzi, ndipo pomaliza anati, "ndi mwana wa eni ake uja, kumene aliko, ngati ali moyo." Sindinawaletse.

Za simenti tinakambirana titadya nsima. Ine ndinkafuna kuti timangebe kachipilala pamchenga paja, koma iwo anakana, amvekere madzi sadziwa chiliza, ndipo chaka chino kapena chamawa tidzakhala tikulira simenti pamodzi ndi manda. Tagwirizana kuti ndalamazo zilipirire fizi ya teremu ikubwerayi mdzukulu wamkazi amene ali fomu 2, ndipo yotsala agulire mbewu ya kudimba. Ndinakumbukira a Sajeni, koma sindinanene kanthu.

Mendulo tagawana. Yozungulira, ya mutu wa mfumu ija, anati ndibwerere nayo ku Blantyre kuti ana anga akaione. Nyenyezi ya ku Burma anaitenga iwo. Anaimirira pampando, ine nditawagwirira, n'kumasula kajumbo kapulasitiki kamene kamakhala komangirira ku phaso la denga, pamwamba pa msinkhu umene madzi anafika ulendo watha. M'kajumbomo muli chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a adzukulu, khadi la ku mpingo ndi machesi, ndipo ndiko kokhako kamene amatenga madzi akamabwera. Anakulunga nyenyeziyo m'kansalu, anaiika pakati pa mabuku a kuchipatala, anamanga kajumboko mfundo ziwiri, kenako anandiuza kuti ndifulumire chifukwa boti lomaliza la ku Mtayamoyo silidikira munthu.